Mabuleki a Ubongo ndi Zimene Magazi Sanena

Kwa zaka zoposa 20 tsopano, ife ogwira ntchito yofalitsa mauthenga a zaumoyo takhala tikuimba nyimbo imodzi: pitani mukayezetse. Thupi likatentha, kayezetseni malungo. Mukakhosomola kwa masabata awiri, kaperekeni makhololo. Musanalowe m'banja, kayezetseni magazi kuti mudziwe mmene m'thupi mwanu mulili. Uthengawu ndi woona ndipo wapulumutsa miyoyo yosawerengeka, moti lero ngakhale agogo a kumudzi amadziwa tanthauzo la mizere iwiri pa kachipangizo koyezera malungo. Komabe alipo matenda ena amene dontho la magazi a pachala silingawaulule. Khunyu, limene ena amati linjirinjiri, ndi amodzi mwa matenda otere. N'chifukwa chake mawu akuti “anayeza koma sanapeze kanthu” asanduka khomo limene odwala ambiri amatulukira m'chipatala, osadzabwereranso.

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri ku Seraleng, malo okhala anthu kufupi ndi mzinda wa Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa. Pansi pa dera limeneli pali miyala imene imatulutsa gawo lalikulu la platinum wa padziko lonse, ndipo migodiyo yakoka anthu a zilankhulo zambiri: eni dera olankhula Setswana, ochokera ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique, Zimbabwe, ndiponso ife a ku Malawi. Agogo athu ankabwera kuno kudzera ku Wenela ndi Theba n'kumalowa pansi pa mgodi. Ana awo ndi zidzukulu ambiri akudalira maganyu: kumanga, kusoka, kugwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za anthu. Munthu wotere akadwala amawerengera kaye mtengo wa takisi ndi tsiku la ganyu limene ataye, choncho akapita kuchipatala amafuna abwereko ndi yankho logwirika.

Pa msonkhano wina wa amayi m'derali, mayi wina wochokera ku Dedza anandikokera pambali. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 9 anali atagwa kanayi m'miyezi isanu ndi umodzi. Kukiliniki anamutenga magazi n'kunena kuti shuga ali bwino, malungo alibe, kachilombo ka HIV alibenso, kenaka anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse. Mayiwo anandifunsa kuti, “Achimwene, ngati magazi ali bwinobwino, nanga mapiritsiwa akuchiza chiyani?” Akuchimuna kwawo anali atayamba kale kuimba foni kuchokera kumudzi, kunena kuti matenda osaoneka kuchipatala ndi a kwa anthu, ndiye atumize ndalama zopitira kwa sing'anga. Funso la mayiwo silinali lachibwana. Linali la munthu amene anamvetsa bwino zimene takhala tikuphunzitsa, ndipo liyenera kuyankhidwa mokwanira.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Maselowa amalankhulana pogwiritsa ntchito mphamvu yochepa ya magetsi ndi timankhwala timene selo lina limathira pa linzake. Timankhwala tina timati “pita,” tina timati “ima.” Amene anayendetsapo ngolo yodzaza chimanga pamalo otsetsereka akudziwa kuti mphamvu za ng'ombe pazokha sizikwanira: popanda buleki, ngoloyo imagunda ng'ombe m'miyendo ndipo zonse zimathera m'ngalande. Mu ubongo, kamankhwala kakakulu kokankha ndi glutamate. Mabuleki aakulu ndi awiri: GABA, amene amagwira ntchito makamaka mu ubongo, ndi glycine, amene amagwira kwambiri mu mtsempha waukulu wodutsa m'fupa la msana. Chodabwitsa n'chakuti thupi limapanga GABA kuchokera ku glutamate yemweyo, mothandizidwa ndi vitamini B6. Akatswiri awiri, Eugene Roberts ndi Sam Frankel, anapeza GABA mu ubongo m'chaka cha 1950 ku St. Louis, m'dziko la America, koma panadutsa zaka zoposa 10 asayansi asanagwirizane kuti ntchito yake ndi yoletsa.

Munthu akamagwa khunyu, maselo ambirimbiri amakhala atayamba kutumiza mauthenga nthawi imodzi, ngati bwalo la milandu pamene aliyense waimirira n'kumalankhula ndipo nduna zalephera kukhazikitsa bata. Zoyambitsa zake n'zambiri: chipsera chotsala mu ubongo pambuyo pa malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu, kubadwa movutikira, mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zimene zimakakhazikika mu ubongo, ndiponso zina zotengera kumtundu. Choncho si zoona kuti aliyense wa khunyu ali ndi GABA wochepa m'thupi monse. Nthawi zambiri vuto limakhala pa kamalo kamodzi kakang'ono kumene kukankha kwaposa kuletsa.

Alimi amawadziwa mabuleki amenewa ngakhale sanamvepo mayina awo. Kafumbata amayamba ndi tizilombo topezeka m'dothi ndi m'ndowe, timene timalowa pa bala la khasu, la msomali, kapena pa mchombo wa khanda wodulidwa ndi chitsulo chosaphitsa. Poizoni wa tizilomboti amayenda m'mitsempha mpaka kukatseka njira imene glycine ndi GABA amatulukira. Zotsatira zake anaziona aliyense amene anadwazikapo matendawa: nsagwada zimagwirana, msana umapindika, ndipo phokoso laling'ono limaumitsa thupi lonse. Palibe kuyeza magazi kumene kumatsimikizira kafumbata. Dokotala amamudziwa pongomuona wodwalayo ndi kumva mbiri ya bala, koma sindinamvepo munthu akunena kuti kafumbata si matenda a kuchipatala, ndipo katemera wake amayi oyembekezera amamulandira mosakayika. Olima thonje akale akukumbukiranso mankhwala opopera otchedwa endosulfan. Amenewa amatseka malo amene GABA amalandiridwa, n'chifukwa chake munthu amene wawamwa kapena wathiridwa ambiri amakomoka n'kumaphiriphitha. M'chaka cha 2011 mayiko anagwirizana, pansi pa pangano la Stockholm, kuti mankhwalawa athetsedwe, koma botolo lakale lopanda chizindikiro limene lili pa denga la nkhokwe silidziwa za panganolo.

Kuno kumigodi nkhaniyi imatifika kudzera mu mowa ndi chifuwa chachikulu. Mowa umaponda buleki wa GABA, n'chifukwa chake woledzera amalankhula mokoka ndi kuyenda mwapendapenda. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera n'kufooketsa mabuleki akeake. Ndalama za kumapeto kwa mwezi zikatha, iye n'kusiya mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, ndipo ena amagwa ngati a khunyu mkati mwa masiku awiri oyamba. Amene wamwa kwa zaka ndipo akufuna kusiya, ayambe wakaonana ndi achipatala. Nawo mankhwala a TB otchedwa isoniazid amasokoneza vitamini B6 uja m'thupi. Ndiye chifukwa chake anamwino amapereka kapiritsi kena kakang'ono, pyridoxine, kamene anthu ena amakataya poganiza kuti n'kongowonjezera. Kapiritsi kameneko kamateteza ku dzanzi ndi kutentha kwa mapazi, ndipo munthu akamwa isoniazid wopyola muyeso n'kuyamba kukomoka, pyridoxine yemweyo, wobaya, ndiye mankhwala ake.

Tsono ngati mabulekiwa ndi ofunika chotere, bwanji osangowayeza monga timayezera shuga? Chifukwa choyamba n'chakuti ubongo uli ndi mpanda. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo tinalukidwa mothithikana kotero kuti zinthu zambiri za m'magazi sizilowa, ndipo za mkati sizituluka mwachisawawa. GABA amene amapezeka m'magazi a pamkono sanena zambiri za mu ubongo, pakuti ziwalo zina monga kapamba zimapanganso GABA, ngakhalenso tizilombo tina tokhala m'matumbo. Chapafupi ndi ubongo ndi madzi a mumsana, madzi oyera ngati a pampopi amene amazungulira ubongo ndi mtsempha wa msana. Munthu wamkulu amakhala nawo okwana mamililita pafupifupi 150, theka la botolo laling'ono la zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo thupi limapanga ena okwana pafupifupi 500 pa tsiku, kutanthauza kuti amasinthidwa katatu dzuwa lisanatulukenso.

Ngakhale m'madzi amenewa ntchito yake si yapafupi. GABA amakhalamo wochepetsetsa, wofuna makina odula ndi akatswiri ozolowera. Madziwo amatengedwa m'munsi mwa msana, kutali ndi pamene pali vuto, ndipo madontho oyamba kutuluka sakhala ndi muyeso wofanana ndi omalizira. Akangokhala pa tebulo osaumitsidwa msanga mufiriji yozizira kwambiri, zinthu zina zimene zili m'madzimo zimaphwanyika n'kutulutsa GABA wina, motero chiwerengero chimakwera chokha m'botolo. Zili ngati kutunga madzi a Shire ku Nsanje pofuna kudziwa ngati mlimi wina wa ku Liwonde anathira feteleza m'dimba mwake dzulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ofufuza akhala akuyeza GABA m'madzi a mumsana a anthu a khunyu ndi matenda ena a ubongo, ndipo zotsatira zake sizinagwirizane: ena anapeza wochepa, ena sanapeze kusiyana kwenikweni. Lero kuli makina a MRI otha kuyerekeza kuchuluka kwa GABA mu ubongo wa munthu wamoyo popanda kubaya, koma amagwiritsidwa ntchito makamaka pa kafukufuku. Mfundo iyi ndinaibwereza kawiri kwa mayi a ku Dedza aja, chifukwa mlendo m'dziko la eni sachedwa kuganiza kuti akumanidwa chinachake: ngakhale mwana wa munthu wolemera ku Johannesburg kapena ku London sayezedwa GABA pofuna kudziwa ngati ali ndi khunyu.

Alipo matenda ochepa, osowa kwambiri, amene kuyeza kotere kumathandizadi. Khanda lina limabadwa thupi lake lisakutha kuphwanya glycine. M'masiku oyamba limakhala lofooka, longogona, lokomokakomoka, ndipo madokotala amayerekeza glycine wa m'madzi a mumsana ndi wa m'magazi kuti atsimikize. Ana ena satha kuphwanya bwino GABA, ndipo chizindikiro chake chimapezeka mumkodzo. Vutoli linafotokozedwa koyamba mu 1981. Kulinso matenda oumitsa thupi amene woimba wa ku Canada, Céline Dion, analengeza mu December 2022 kuti ali nawo: chitetezo cha m'thupi chimaukira chipangizo chopangira GABA, ndipo asilikali oukirawo amaoneka m'magazi ndi m'madzi a mumsana. Mlangizi wa zaumoyo akhoza kugwira ntchito moyo wake wonse osakumana ndi mmodzi wa odwala otere. Wa khunyu wamba amakumana naye pafupifupi m'mudzi uliwonse.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti muyeso wina wodziwika kwambiri wa ubongo wa mwana unachokera kwathu, ndipo sufuna makina. Mu 1989, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, akugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa ana odwala malungo a mu ubongo. Namwino amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, amamvetsera kalilidwe kake, amaonanso mmene akusunthira akamva kuwawa, kenaka amapereka chiwerengero kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score ndipo imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a malungo. Pa chipatala chomwecho, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, ndipo mu 2010 anafalitsa kuti 12 mwa iwo anadzayamba khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekezera nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Nditawafunsa mayi aja ngati mwana wawo anadwalapo kwambiri ali wamng'ono, anati ali ndi zaka zitatu anakomoka masiku awiri ndi malungo, asanabwere kuno. Kukiliniki sananene zimenezi chifukwa ankaona ngati n'zakalekale. Ndinawapempha kuti ulendo wotsatira akayambire pamenepo.

Kunena zoona, chipangizo chachikulu chodziwira khunyu ndi maso a munthu amene analipo. Wodwalayo kawirikawiri sakumbukira kanthu. Dokotala amafuna kudziwa mmene zinayambira: kodi anayamba wayang'ana kumodzi, kodi kunayamba kugwedezeka dzanja limodzi kapena thupi lonse, zinatenga nthawi yaitali bwanji, anadziluma lilime, anadzikodzera, thupi linali lotentha, anadzuka ali wosokonezeka? Makina oyeza magetsi a mu ubongo, a EEG, amathandiza, koma mwa odwala ambiri saonetsa kanthu ngati munthuyo sakugwa pa nthawi yoyezayo. Masiku ano pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi foni yojambula, ndipo kanema wa mphindi imodzi, wojambulidwa ndi wachibale pamene wina akuteteza wodwalayo, amauza dokotala zambiri kuposa botolo la magazi. Kope la sukulu lolembamo tsiku ndi nthawi ya kugwa kulikonse limachitanso chimodzimodzi. Magazi amene anatengedwa aja sanapite pachabe: ankafufuza zinthu zina zimene zimagwetsanso munthu, monga kuchepa kwa shuga, kusokonekera kwa mchere wa m'thupi, ndi malungo. “Sanapeze kanthu” amatanthauza kuti zimenezo palibe.

Amene alipo pa nthawi yogwa ali ndi ntchito inanso. Amuchotse wodwalayo pafupi ndi moto, sitovu ya parafini kapena madzi, amuike chofewa kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke chammbali. Asamuike supuni kapena chala m'kamwa, asamumwetse kanthu, asamupanikize. Kugwa kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwerezabwereza iye osatsitsimuka, athamangire naye kuchipatala. Thovu la m'kamwa mwake silipatsira matenda. Zipsera za moto zimene timaziona pa manja ndi pa nkhope za anthu a khunyu zambiri zinakula chifukwa anthu anaima patali poopa kutengera. Kwa abale amene amazengereza chifukwa cha mapepala, gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa a 1996 limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo ku Rustenburg odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Job Shimankana Tabane.

Pa nkhani ya madzi a mumsana pali mantha akale amene ndawamva ku Malawi, kwa anzathu a ku Zambia, ndi kunonso: akuti munthu akangochotsedwa madzi amenewa ndiye kuti wapita. Mantha ake ndi omveka, chifukwa anthu anaonadi abale awo akumwalira pambuyo pake. Koma amene amafunika kubayidwa pamsana amakhala odwala kale kwambiri, ndipo nthawi zina banja limavomera patapita masiku likukambirana, matenda atafika pena. Njirayi si yatsopano, anaiyambitsa dokotala wa ku Germany, Heinrich Quincke, mu 1891. Wa khunyu wamba saifuna. Amene amaifuna ndi wotentha thupi, wouma khosi, wa mutu wosaleka kapena wosokonezeka, pofufuza matenda oumitsa khosi. Kwa amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV n'kugwidwa ndi cryptococcal meningitis, kuchotsako madzi kumachepetsa kupanikizika kwa ubongo, ndipo iko kokha ndi gawo la chithandizo. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, amene anachitika ku Malawi, South Africa, Botswana, Zimbabwe ndi Uganda n'kufalitsidwa mu 2022, anaonetsa kuti mlingo umodzi waukulu wa mankhwala a m'diripi, pamodzi ndi mapiritsi, umagwira ntchito mofanana ndi diripi ya sabata yathunthu. Koma mankhwalawo amafika kwa amene matenda ake adziwika.

Pa funso la mapiritsi, mbiri yokha imayankha. Phenobarbital, amene akupezekabe m'zipatala zambiri za kwathu, anayamba kuperekedwa kwa anthu a khunyu mu 1912 ndi dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, zaka 38 GABA asanapezeke mu ubongo. Anthu anasiya kugwa wina aliyense asanadziwe kuti mankhwalawo amalimbitsa buleki wa GABA. Diazepam, amene anamwino amapereka kugwa kukakana kuleka, amagwiranso pa buleki yemweyo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse akhoza kukhala osagwa atalandira chithandizo choyenera, koma m'mayiko osauka atatu mwa anayi sachilandira. Chimene magazi amatha kuonetsa ndi kuchuluka kwa mankhwala ena a khunyu m'thupi, ndipo dokotala amatha kupempha kuyeza kumeneku ngati munthu akugwabe. Wodwala anene poyera ngati akumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena akugwiritsa ntchito njira yolera, chifukwa phenobarbital, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa ena mwa mankhwala amenewa. Mayi kapena mtsikana amene akumwa valproate akambirane ndi dokotala asanatenge pakati, pakuti mankhwalawa akhoza kuvulaza mwana wosabadwa, koma asawasiye payekha.

Chovuta kwambiri kwa ine ndi abambo a kumigodi. Wogwira ntchito pansi amayenera kukhala ndi chiphaso cha dokotala chotsimikiza kuti thupi lake lili bwino, ndipo mwamuna amene wagwapo kamodzi kunyumba amadziwa chimene chingachitike akaulula. Kumbuyo kwake kuli ana a sukulu, lendi, ndi makolo kumudzi. Kwa iye, kusaoneka kwa khunyu m'magazi ndi pobisalira. Sindimupeputsa, ndipo sindingamulonjeze kuti ntchito yake idzakhalapo monga kale. Chimene ndimamuuza n'chakuti kugwa uli pa makina kapena pa makwerero pansi pa nthaka kumaika pachiswe moyo wake ndi wa anzake a m'gulu, ndiponso kuti apite kwa dokotala limodzi ndi womuimira wa bungwe la ogwira ntchito, akafunse za ntchito ya pamtunda, m'malo mogula mapiritsi mobisa ndi kumamwa modumphadumpha.

Kudumphadumphako ndiko kumandidetsa nkhawa mwezi wa December ukamayandikira. Ubongo umene wazolowera phenobarbital uli ngati wa womwa mowa uja: ukamanidwa mwadzidzidzi ukhoza kugwa koopsa kuposa poyamba, kugwa kosalekeza kumene kumapha. Basi yochokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete imatenga masiku awiri kapena kuposerapo, ndipo tchuthi cha masabata atatu chimasanduka miyezi iwiri ndalama yobwerera ikasowa. Alangizi a m'madera awakumbutse mabanja kuti apite kukiliniki ulendo usanafike, akapemphe mankhwala okwanira ndi kalata yolembedwa dzina la mankhwalawo ndi mlingo wake, yoti akaonetse kuchipatala cha kwawo. Mapiritsiwo akhale m'chikwama cha m'manja, osati mu katundu wa mu ngolo ya kumbuyo kwa basi, amene nthawi zina amafika patapita sabata mwini wake atafika kale.